Tsiku Limene Firiji Inazima

Josephat anagwira ntchito m'sitolo ya a Abudala pa Katete zaka khumi ndi zinayi osasowetsa ngakhale singano. N'chifukwa chake mu Okutobala wa 1986, a Abudala atalandira uthenga wakuti mkulu wawo wamwalira ku Mangochi, anamusiyira Josephat zonse: sitolo, firiji yoyendera parafini, ndi nsomba zawo khumi ndi imodzi za m'thanki yagalasi imene inkakhala kuseri kwa kauntala.

"Ndikadzapeza zonse zili bwino, makiyi a shopu yatsopano ya ku Sinda ndi anu," anatero a Abudala, akuwaliza m'thumba la mkanjo.

Mawuwo Josephat anawafikitsa kwa mkazi wake Ottilia, ndipo Ottilia, amene nkhani imamuyabwa m'kamwa, anawafikitsa kwa amayi onse a Chigwirizano kutchalitchi. Pofika Lamlungu Ottilia anali atayamba kale kutsanzika kuti akusamukira ku Sinda.

Nsombazo sizinali za ndiwo. Zinali zazifupi ngati chala, zina zachikasu, zina zamizeremizere, ndipo imodzi yokulirapo inali yabuluu. Chakudya chake a Abudala ankakonza okha. Ankasinja matemba ndi masamba a mpiru, n'kuthira phalalo m'timabowo ta mbale youmitsira madzi, n'kuliika mufiriji mpaka liume gwa. Lamulo linali lakuti kachidutswa kamodzi patsiku, kasungunuke kaye m'kapu yachitsulo ya madzi a m'thankimo, kenako kathiridwe pang'onopang'ono.

Mumtima Josephat ankati kumeneko n'kumana. Nsombazo zinkamuthamangira pagalasi kukamwa kuli yasa, ngati ana a mnzako pamene iwe ukudya. Komabe lamulo analisunga masiku asanu ndi atatu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anapeza kamoto ka pansi pa firiji katazima. Parafini anali atatha m'chigubu, ndipo chaka chimenecho parafini ankasowa ngati mankhwala. Anathamangira kumalo omwetsera mafuta, anapeza mzere wa zigubu wopanda eni ake. Anafunsa m'masitolo ena, aliyense anangotambasula manja. Pobwerera dzuwa linali litafika paliwombo, ndipo m'mbale muja tizidutswa makumi awiri tinali titasanduka phala, kafungo katayamba kale.

Apa ndi pamene Josephat anaganiza monga mwana wa ku Mkaika amene anakulira m'nyumba yodziwa njala. Kwawo chakudya sichitayidwa. Chikafuna kuwonongeka mumaitana aliyense adyeretu, chifukwa chimene chalowa m'mimba chasungika.

"Lero ndi Khirisimasi yanu," anauza nsombazo, n'kukhuthulira mbale yonse m'thanki.

Zinadya mpaka iye anaseka yekha. Anagulitsa sopo, anayeza mchere, mtima uli m'malo. Koma atacheuka cha m'ma thili koloko, madzi aja anali atachita mbuu ngati otsukira mpunga. Nsomba zonse zinali pamwamba, zikupuma movutikira, ndipo yachikasu imodzi inali itagona chammbali. Josephat anayandikira pagalasi. Anachita mantha kwambiri, mantha a munthu amene wazindikira kuti walakwa yekha ndi manja ake.

Anatseka sitolo dzuwa likanalipo, chinthu chimene anali asanachitepo. Anatunga madzi pamjigo ndowa zisanu ndi imodzi, akuchotsa oipa ndi kapu, akuthira abwino, malaya ali chonyowa. Pamene Ottilia ankafika kudzaona chimene chatseketsa sitolo, pambale panali patagona nsomba zisanu zakufa. M'mawa mwake zinawonjezeka ziwiri, ndipo imodzi mwa izo inali yabuluu ija. Akulu anati chifundo chidapha nkhwali, koma apa chinapha nsomba zisanu ndi ziwiri.

"Mudzangoti zinafa na kutentha," anatero Ottilia. "Nsomba ilibe pakamwa pokanenera. Nanga ine anzanga nikawauza chiyani za ku Sinda?"

Josephat anatola nsomba zakufazo. Anazikwirira pansi pa mtengo wa mango kuti amphaka asazifukule. Masiku anayi otsatira nsima sinkamulowa. Basi iliyonse yochokera ku Chipata ikaima pamsewu waukulu, ankasuzumira pakhomo kuona amene akutsika. Bodza la Ottilia analiyeserera kangapo akusesa, ndipo linkamveka bwino ndithu, chifukwa mwezi umenewo kunkatenthadi.

A Abudala anatsika Lachinayi m'mawa, ataonda, ndevu zitachita imvi. Josephat anawalandira chikwama, anawapepesa maliro monga mwa mwambo. Iwo anayankha mwachidule, maso ali kuseri kwa kauntala. Anaima pathanki nthawi yaitali, milomo ikuwerenga.

"Zatsala zinayi," anatero.

Bodza linali pamlomo penipeni. Koma Josephat ataona nkhope ya munthu wochokera kumanda, linamukanika.

"Fuliji inazima, bwana. Vakudya vinasungunuka, ndiye ninathira vonse."

"Zonse nthawi imodzi?"

"Ninaopa kutaya chakudya."

A Abudala sanakalipe, ndipo Josephat akanakonda akanakalipa. Anakhala pathumba la mchere, n'kuvula kofia.

"Yabuluu ija anandipatsa achimwene amene ndakawaikawa," anatero motsitsa. "Ndinabwera nayo m'ndowa pamiyendo, ulendo wonse, pa Mchinji mpaka kuno. M'basi dzulo ndimadzitonthoza kuti kunyumba ndikapezako kanthu kawo."

Josephat anagwada pasimenti. Anafuna kunena za zaka khumi ndi zinayi, za singano imene sinasowepo, koma anaona kuti zonsezo sizikanadzutsa nsomba imodzi.

"Dzukani, a Josephat. Mwanena zoona, ndamva. Tsegulani mawindo, anthu akudikira panja."

Anadzuka, anatsegula. Ali pakati pokwezera chitsulo cha windo anamva a Abudala akuchotsa kapu yachitsulo ija pamsomali pamene inkakhala zaka zonse. Analowa nayo kuchipinda chawo chamkati, kumene wantchito salowa, ndipo poyenda makiyi a ku Sinda ankalira m'thumba la mkanjo. Atatuluka, m'thumbamo munali zii.

Kutsidya kwa msewu Ottilia anali ataima ndi amayi awiri a Chigwirizano, akuyang'ana kusitolo. Josephat anaweramitsa mutu, n'kufunsa mayi woyamba pamzere kuti akufuna mchere wochuluka bwanji.