Geti la Buluu la ku Chilobwe

Petronela anapeza laisensi yoyendetsera galimoto ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, atalephera mayeso kawiri, ndipo ankaisunga m'buku lake la mapemphero. Ku Soche kunali mayi wina wa sukulu ya mkaka amene anamulonjeza ntchito yonyamula ana pa kaminibasi, kuyamba mwezi wotsatira. Lamulo la mayiyo linali limodzi lokha: dalaivala amene dzina lake linalembedwapo ku polisi pa nkhani ya ngozi, ana a eni sawanyamula.

Mwamuna wake, Ellard, anafika kunyumba ku Zingwangwa Lachisanu, akuti kuchokera ku Mulanje kumene anakhala masiku khumi pa ntchito. Galimoto anaiimika mbali yakumanzere itatsamira khoma. Loweruka m'mawa, Ellard, munthu amene makiyi ankapita nawo ndi kubafa komwe, anawaponyera mkazi wake.

"Kagule zinthu kumsika wa ku Ndirande, uzizolowera msewu."

Petronela anakondwa ngati mwana, osadzifunsa kuti kukoma mtima kumeneku kwachokera kuti. Atabwerako, Ellard sanayang'ane n'komwe zimene zinagulidwa. Anapita molunjika kumbuyo kwa galimoto, mbali yakumanzere, kumene chitsulo chinali chitalowa mkati, nyali itang'aluka.

"Tsiku limodzi lokha," anatero mokweza kuti oyandikana nawo amve. "Laisensi yako ija unachita kugula?"

Petronela sanamve kugunda kulikonse kumsika kuja, koma analira ndi kupepesa. Ellard anamusiya alire mpaka atope, kenaka anafotokoza pulani yake. Galimoto inali ndi inshuwalansi, koma akampani salipira popanda lipoti la polisi ndi mboni.

"Zakumsika palibe anaona. Ndili ndi mnzanga ku Chilobwe, geti lake linapindika kale. Ukanena kuti unagunda limenelo, iye achitira umboni. Lolemba upite kwa Haruna akakulembere koteshoni ya mtengo wokonzera."

Haruna anali wowongola magalimoto wa ku Ndirande, mkulu wa ndevu zoyera amene theka la makutu ake linatha ndi phokoso la nyundo. Anagwada, anayendetsa chikhatho pachitsulo chopindikacho, kenaka anakanda ndi chikhadabo.

"Mwati liti, mayi?"

"Dzana, Loweruka."

"Dzimbiri ili si la dzana. Latha sabata ndi masiku." Anamuonetsa chikhadabo chake, mmene munatsalira tizidutswa ta penti wa buluu. "Ndiponso kona imeneyi ndaiwongolapo kawiri. Penti yemweyu, msinkhu womwewu. Geti limeneli ndi lopanikiza, ndipo bambo amatulukamo mothamanga."

Haruna sanali munthu wamiseche, ankangonyadira kuti chitsulo sichimunamiza. Anazindikira mochedwa kuti wanena zambiri, ndiye anayamba kupukuta manja amene anali oyera kale.

"Musavutike ndi kleimu ya inshuwalansi, mayi. Ichi n'cha tsiku limodzi, nyundo ndi fila womatira pang'ono. Nyali ndikupezerani yakale. Polisi sikufunika."

Petronela anabwerera kunyumba. Anadikira kuti mwana wawo Sophie apite kukatunga madzi, ndipo anafunsa mwaulemu monga anaphunzitsidwira kwawo ku Nsanje.

"Bambo a Sophie, geti la ku Chilobwe lija munaligunda ndinu?"

Akanakana, mwina zikanapwetekako pang'ono. Ellard anaseka, chotokosera m'mano chili pakamwa.

"Ndiye ukufuna chiyani? Laisensi yanga inatha chaka chatha, akampani sangalipire ndikanena kuti ndinali ine. Alandilodi a ku Chilobwe akufuna geti latsopano. M'nyumba muno wa laisensi yamoyo ndiwe."

"A Haruna akuti akonza popanda polisi."

"Haruna akonzanso geti?"

"Nanga ntchito yanga ya ku Soche?"

"Ntchito yanji? Yoimbitsa ana nyimbo m'minibasi?" Analavula kachitokosero kaja. "Ukakana, longedza. Basi ya ku Nsanje imanyamuka m'mawa uliwonse. Koma Sophie atsala, ali folomu fili."

Lachitatu anapita ku Chilobwe atatu, Petronela, Ellard ndi wapolisi wa pamsewu atanyamula fayilo yake. Anakwera mtunda mpaka pa nyumba yokhala ndi geti la buluu, lopindika mbali imodzi, lomangidwa ndi waya. Mnzake wa Ellard uja anatuluka. Anali mtsikana wazaka zosafika makumi atatu, atabereka mwana. Mwanayo ataona Ellard anatambasula manja n'kuyamba kudumphadumpha kumbuyoko, ndipo wapolisi anayang'ana kuphiri mwadala.

"Mboni ndinu, achemwali?"

"Ndine. Ndinkayanika zovala apa." Mtsikanayo anamuyang'ana Petronela kuyambira kumutu mpaka kunsapato, osafulumira. "Amayiwa ankatembenuza galimoto. Livesi sadziwa, mwina ndi ukulu. Ndinakuwa kuti aime koma sanamve."

Wapolisi analemba zonse. Kenaka anapempha laisensi ya dalaivala. Petronela anatsegula buku la mapemphero, anaitulutsa, ndipo anaonerera nambala yake ikukoperedwa papepala, chilembo chimodzichimodzi. Anasaina atatsamiritsa pepalalo pa boneti.

Akampani anati galimoto isakhudzidwe mpaka munthu wawo adzaione, ndiye kwa masabata atatu inkayenda ndi penti wa buluu uja, ndipo Zingwangwa yonse inadziwa kuti mayi a Sophie anagwetsa geti la eni. Mayi wa sukulu ya mkaka sanadikire n'komwe kuti aone lipoti. Anangotumiza uthenga pafoni wonena kuti apeza wina, Mulungu akudalitseni.

Inshuwalansi inalipira zonse. Haruna anaika nyali yatsopano, anawongola chitsulo, anapopera penti mpaka osadziwika pamene panali bala. Tsiku lokatenga galimoto sanamuyang'ane Petronela kumaso. Makiyi anapereka kwa Ellard, amene anawaika m'thumba n'kuuza anthu onse a pagalaja kuti mkazi wake chiwongolero wasiyana nacho, chifukwa mageti a mu Blantyre ndi ambiri. Anthu anaseka, ena mokakamizika.

Pobwerera, Ellard sanakhotere ku Zingwangwa. Anakwera mtunda wa ku Chilobwe n'kuima pa nyumba ija. Geti linali latsopano, la buluu wowala, lotambalala kuposa lakale moti galimoto ikanatha kutuluka osachepetsa liwiro.

"Taona ntchito ya manja ako," anatero. Anafufuza m'thumba n'kumuikira ndalama ya minibasi pamwendo. "Uzipita, Sophie asadikire. Ine ndibwera mawa."

Petronela anatsika. Getilo linatseguka lonse popanda kulira, galimoto inalowa bwinobwino, ndipo mtsikana uja analitseka ndi dzanja limodzi.