Chigubu Chachikasu cha a Medson

A Medson a ku Chinsapo anali ndi manja aluso, koma pakamwa pawo panalibe chitseko. Anawotcherera migolo isanu ndi itatu yachitsulo, inayi uku inayi uko, n'kuyala matabwa pamwamba, kumbuyo n'kumangirira injini yakale ya boti imene anaipeza ku Salima. Anthu poyamba ankaseka. Koma dzinja la 2009 mtsinje wa Lilongwe utadzaza, amayi olima tsidya lija anasiya kuseka, n'kuyamba kukwera botilo ndi madengu awo a nkhwani ndi mondokwa.

Chaka chimenecho petulo ankasowa. Amene ankawapezera anali a Abdullah, makaniko wa ku Biwi wochokera ku Mangochi, mnzawo wa zaka khumi ndi zisanu. Lolemba lililonse a Medson ankawapititsira chigubu chawo chachikasu, madzulo n'kukachitenga chodzaza.

Tsiku lina injini inatsokomola pakati pa mtsinje n'kuzima. Madzi anayamba kulikoka boti, amayi akulira, ena akuitana Yesu, mpaka linakakodwa m'bango. Palibe anavulala. A Medson atamasula injini anapeza madzi m'mafuta, ndipo sanadikire kuti mtima utsike. Anakwera minibasi ya ku Biwi n'kukaima pamaso pa amakaniko onse.

"Achimwene, petulo akachepa muzinena. Osati kumandithirira madzi ngati mkaka wa mumsika. Mukanandiphera anthu!"

A Abdullah anapukuta manja ndi kansanza. "Mwatero, a Medson?"

"Ndatero."

Panapita masabata atatu osalankhulana. Boti linakokedwa n'kukaikidwa pabwalo la nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Kunena zoona, a Medson ankamusowa mnzawoyo kuposa mmene ankasowera mtsinje, koma munthu wolalata pagulu savomera msanga. Akazi awo, mayi Elube, ankangowayang'ana akuzungulira boti ngati mlonda.

Loweruka lina m'mawa kunamveka odi. Anali a Abdullah, atanyamula thumba la masipanala.

"Valani nsapato, tipite ku Biwi. Boti lanu likufuna sefa yolekanitsa madzi ndi petulo. Za inu ndi ine tikamba tsiku lina, anthu aziwoloka kaye. Mutenge chigubu, lero petulo mukathiritsa nokha."

Mayi Elube anathamangira kuseri n'kubwera ndi chigubu chikuwala ngati chatsopano.

Ku Biwi wogulitsa zitsulo anawatulutsira sefa yaikulu ya lole, ndipo a Medson anaikonda pompo chifukwa cha kukulako. A Abdullah anakana. "Iyo ndi ya dizilo. Petulo adya kambale kake, mwezi usanathe kasweka." Anafufuza m'makatoni mpaka anapeza yaing'ono ya petulo, yokhala ndi kambale koonekera mkati ndi kampopi kunsi kwake. Anati madzi amalemera kuposa petulo, ndiye amatsalira m'kambalemo, injini n'kumamwa mafuta okhaokha. Kenako anaima pamzere ku filing'i siteshoni maola awiri, a Medson akuyang'anitsitsa petulo akulowa m'chigubu mwawo ngati akuwerenga madontho.

Kunyumba a Medson anafuna kuigoneka sefayo pansi pa matabwa kuti isaoneke. A Abdullah anati ayi, iimirire chilili, pamalo poti diso lizifika, pakati pa thanki ndi injini. Anadula paipi, n'kuwaonetsa mivi iwiri ya pa sefayo yosonyeza kolowera ndi kotulukira. Anapaka mafuta pa kamphira ka sefayo, n'kumanga ndi dzanja, osati ndi sipanala. Ataviika mwendo wa injini mu mgolo wa madzi anakoka chingwe, ndipo injini inalira mpaka nkhuku zinabalalika.

Patapita kanthawi, pansi pa kambale panaoneka madzi otuwa, timathovu tikuyandama. A Abdullah anatsegula kampopi, n'kukhetsera m'chikhatho, n'kununkhiza. Anayang'ana pakhonde pomwe mayi Elube ankaika makapu a tiyi, kenako anapukutira dzanja m'ovolosi.

"Muzikhetsa m'mawa uliwonse musanakweze munthu," anatero. Anamwa tiyi wawo, anathokoza alamu awo, n'kumapita.

A Medson mutu unaima. Petuloyo anamuona ndi maso awo akutuluka pa pampu. Nanga madziwo analowera kuti? Anamuthira yense m'thanki, Lamulungu lonse n'kukhalira kuganiza, ngakhale ulaliki sanaumve.

Lolemba m'mawa, akufuna chigubu, anamva kukhutchumula kuseri kwa nyumba. Anapeza mayi Elube atawerama pamwala wochapira, akugwedeza chigubu chachikasu, thovu la sopo likutuluka pakamwa pake.

"Mukutani, amayi?"

"Ndikutsuka. Simukuona?"

"Munayamba liti?"

"Aa, inunso! Kuyambira tsiku lomwe munayamba kuchipititsa kwa alamu. Chiwiya chopita kwa anthu chizipita chonunkha? Aziti kwa a Medson kulibe mkazi?"

A Medson anakhala pansi pa ndowa yovundikira. Anafuna kukalipa, koma pakamwa pamene panalibe chitseko paja panatsekeka pokha. Mkaziyu analeredwa kuti mbale ya mnzako subweza yakuda, ndipo anangochita zomwe anaphunzitsidwa. Anamufotokozera pang'onopang'ono za madzi otsalira m'makona a chigubu. Mayi Elube anagwira pakamwa, misozi ili m'maso, akukumbukira amayi aja m'bango.

Masana omwewo a Medson anafika ku Biwi. Anaima pamalo omwe aja, pamaso pa amakaniko omwe aja, n'kuvula chipewa.

"Ndinanyoza munthu uyu pano nonse mukumva, ndiye mumvenso izi. Madzi aja anachokera kunyumba kwanga. A Abdullah sanalakwe kanthu. Pepani, achimwene."

A Abdullah anatuluka pansi pa galimoto n'kuwakokera pambali. "Sopo ndinamumva Loweruka lija," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye bwanji simunanene? Mukanadziyeretsa pomwepo!"

"Pamaso pa alamu, atanyamula tiyi? Iwo ankatsuka chifukwa chondilemekeza ine. Dzina langa likanatha kudikira masiku awiri."

 A Medson anagwira dzanja la mnzawo lakuda ndi girizilo ndi manja awo onse awiri, osalisiya. Kenako anapereka chigubu chija, chimene anali atachitsukuluza ndi petulo n'kuchiumitsa, chikununkha petulo, ndipo a Abdullah anachinunkhiza n'kuseka mpaka kutsokomola.