Kulapa kwa ba Muleya

Chiyambireni Lenti wa 1994, Muleya ankafika kunyumba ku Maramba dzuwa lisanalowe, osanunkha mowa. Inutu, mkazi wake, sizinamusangalatse.

Wansembe anali atapatsa kwaya imene Muleya ankaimbamo ndakatulo ya amonke akalekale a ku Ulaya, yonena za mzimu wodetsedwa ndi machimo umene Mulungu amautsuka mpaka kuwala. Anzake ankangoiloweza basi. Koma Muleya ankaiimba akusita malaya, misozi ili mbwembwembwe, mawu okoma ngati si yemwe uja.

Inutu ankamudziwa mwamuna wake. Mowa wokha sungamulize chonchi.

Loweruka anamulanda simbi yamakala ija.

"Ba Muleya, dzina lake ni ndani?"

Muleya sanafunse kuti dzina la yani. Anangoyang'ana pansi.