Nyimbo Yokalipa ya Mkamwini

Prince anali atangogona kumene pamene sipika ya bambo ake, Hopewell, inabangulanso kuseri kwa nyumba. Gitala ankalira ngati chigayo chomwe chameza mwala, munthu akukuwa pamwamba pake. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

Esteri anaponya thewera m'beseni.

"Bambo a Prince, tazimitsani! Amayi aitanitsa kale amalume. Akuti m'mudzi muno ituluke nyimbo ya satanayi, apo ayi mutuluke inuyo."

"Si ya satana, ndi hevi meto," anatero Hopewell, yemwe anaijambula yekha ku Boma. "Tamvetsera. Gitalayo ndinaphunzira m'mavidiyo a azungu, inde. Koma ng'oma zili pansizo ndi za tchopa, zakwanu konkuno. Kukuwako ndinatengera kapitawo wathu ku tiyi."

"Nanga mawuwo? 'Munda ndalima si wanga, nyumba ndamanga si yanga, sindigwada!' Mukuyesa amayi ndi ogontha?"

"Ndiwauze bwanji? Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Nanazi ndinabzala ine, iwo akukolola n'kumapatsa mlamu wanga."

"Ndiye mwati umve mudzi wonse? Akakuthamangitsani, mwanayu adya gitala?"

Amalume ake a Esteri, a Alufeyo, anafika panjinga kuchokera ku Milonde komwe anakwatira. Anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. A Rosie, amayi ake a Esteri, anakhala atafulatira mkamwini wawo.

"Tatsegulani tiumve mlanduwo," anatero a Alufeyo.

Nyimbo inabangula. Nkhuku zinabalalika. A Alufeyo anakwinya nkhope, koma chidendene chawo chinkagunda pansi motsatira ng'oma.

"Achimwene, mwachimva chipongwecho?" anafunsa a Rosie.

"Ndamva, chemwali. Phokosolo ndi loipadi. Kungoti mawuwo... inenso ku Milonde nthochi ndimabzala ine, amadya ena."

"Ndiye mukumuikira kumbuyo? Mbuzi ikagwa m'mbuna inzake siseka, eti?"

"Ayi, nkhaniyi tidzakambenso bwino."

Esteri anawayang'ana onse atatu: mmodzi wafulatira, wina wazolika, wina akukanda m'mutu. Matewera anali akudikirabe m'beseni. Anamangitsa mbereko n'kuimirira.

"Amayi, munda wa nanazi uja ndi gawo langa. Kuyambira lero tikolola ndife. Awa akachoka, ine ndi Prince tiwatsatira, mudzalima nokha."

A Rosie anatsonya.

Kenako Esteri anazula sipika m'manja mwa mwamuna wake n'kuikulunga m'chitenje.

"Inunso zanu zamveka. Iyi ikhala ndi ine mpaka mwana atasiya kuyamwa."

"Mayi a Prince..."

"Simugwada? Weramani muchape matewerawo."

A Alufeyo akukwera njinga, anaweramira kwa Hopewell yemwe anali atanjuta pabeseni.

"Mkamwini," ananong'ona, "kanyimbo kaja munditumizireko pafoni."