Chipepeso cha Patali

Uthenga unamupeza Triza ali kudoko, akuyanika usipa pathandala. Anaimba foni anali namwino wa kuchipatala cha ku boma, ndipo sanazungulire: bambo ake, aphunzitsi Martin, anali atamwalira m'mamawa. Korona anawagwira pachifuwa, ndipo ngakhale mpweya wa m'botolo unalephera kuwathandiza. Triza anausiya usipa uja osaufunditsa, n'kuuyamba wa kunyumba.

Munali mu Julaye chaka cha 2021, mwera ukuwomba, matenda aja atabweranso mwaukali. Chisoni chinali chachikulu, koma njira yonse Triza ankaganizira za munthu wamoyo. Mayi ake, a Eveles, anali achikulire, odwala shuga ndi bipi. Pamene bambo ankagonekedwa m'chipatala, azaumoyo anayeza mayi ndi mwana yemwe n'kupeza kuti alibe kachilomboko. Anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndipo anachenjezedwa kuti mayiwo asamakhale pagulu.

Tsono maliro anali atagwa, ndipo aliyense amadziwa mmene timachitira kwathu kuno. Namfedwa amakhala pamphasa m'nyumba ya siwa, mawindo otseka chifukwa cha mphepo. Amayi amalowa mmodzimmodzi, kumugwira dzanja, kumukoleka mkono m'khosi, kulira naye nkhope zitayandikana. Akatero amagona momwemo mothithikana, kuimba mpaka kucha. Chimenecho ndi chikondi, palibe angatsutse. Koma chaka chimenecho chikondi chotere chinkatha kupha munthu.

Mayi Eveles atamva uthenga analira mpaka mawu kusasa. Kenaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Triza, tulutsa mipando pabalaza, uyale mphasa. Anthu ayamba kufika posachedwa."

"Amayi, paja azaumoyo anati musamakhale pagulu."

"Mwananga, ine ndagona pasiwa pa mudzi wonse uno. Kuyambira kunyanja kuno mpaka ku Chitala, ndi maliro ati amene sindinakhuze? Lero afa amuna anga, ndiye ndikhale ndekha ngati mfiti?"

Sanali kunama. Mayi Eveles anali mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano kutchalitchi, ndipo pamaliro a anthu ankafika oyamba n'kuchoka omaliza.  Triza anatulutsa mipando ija mtima ukukana.

Dzuwa lili paliwombo, kunamveka kulira kuchokera kumsewu. Anali azakhali Elsie, mlongo wa malemu, amene anabwera pa minibasi kuchokera ku Chitala. Masiki anali nayo ndithu, koma inali pachibwano, kumene sikulowera matenda alionse. Analunjika pakhomo manja atatambasula kuti akakumbatire mlamu wawo. Triza sanadziwe kumene anatenga mphamvu, anangopezeka waima pakhomopo.

"Pepani azakhali, musalowe."

"Wati chiyani?"

"Amayi ali ndi shuga. Akatenga matendawa sangapirire."

"Iwe Triza, choka pakhomo. Wamwalirayo ndi mlongo wanga, bere limodzi. Ukufuna aikidwe ngati nkhuku ya chitopa? Maliro n'kulirana. Ukatitsekera kunja lero, mawa ako adzakhuza ndani?"

M'nyumba mayi Eveles ankaitana kuti Triza awasiye alowe. Kubwalo amayi ena anali atayamba kusonkhana, mitolo ya nkhuni ndi mabeseni a ufa ali pamutu, onse maso pa iye. Triza anagwira mafelemu a chitseko ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu. Zinamupweteka kwambiri chifukwa ankadziwa kuti azakhali akewo sanabwere ndi nkhanza.

Pomwepo anatulukira a Tahir, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, akukankha njinga yomangirira ndowa ya mpopi pakaliyala. Nyumba yawo inali kuseri kwa mzikiti, mtunda wongoitana. Anaimika njinga, n'kukhala pa chitsa chapatali pang'ono.

"Pepani amayi, pepani azakhali. Aphunzitsi Martin ndi amene anandiphunzitsa kugwira pensulo. Nanenso ndine namfedwa lero."

Mawu amenewa anaziziritsa bwalo. A Tahir anafotokoza kuti thupi libwera ndi azaumoyo m'bokosi lotseka, kuti mwambo ukhala waufupi, ndiponso kuti boma likuletsa kusonkhana anthu ambiri.

"Koma chandibweretsa si lamulo ayi," anatero. "Chandibweretsa ndi amayi ali m'nyumbamo."

"Kodi ine ndikuoneka ngati wodwala?" anafunsa azakhali Elsie.

"Ayi, mukuoneka athanzi. Nanenso ndikuoneka wathanzi, koma sindingalumbire kuti ndilibe. Matendawa amayenda mwa munthu amene akudya bwinobwino, akuseka, osatsokomola n'komwe. Mu minibasi munakhala angati pampando?"

"Anayi. Kondakitala wachisanu, chowerama."

"Mukuwadziwa onse kumene achokera?"

Azakhali anapukusa mutu, ndipo a Tahir anapitiriza.

"Inu kapena ine tikhoza kudwala n'kudzuka, Inshallah. Koma munthu wamkulu wa shuga ndi bipi akatenga, kawirikawiri amakafika pabedi ngati limene achokapo aphunzitsi lero."

Triza anatseka maso. Palibe amene anali atanena chimenechi poyera, ngakhale aliyense ankachidziwa.

"Ndiye mukuti tiwathawe?" anatero azakhali, mawu atatsika. "Munthu amuna ake afa, ife tizimuyang'ana ngati wakhate?"

"Ndikufunseni kanthu, azakhali. Mkamwini wanu akabwera kwanu ku Chitala, amakupatsani moni bwanji?"

"Amanjuta potero, n'kuwomba m'manja."

"Sakugwirani dzanja?"

"Angayerekeze? Ine ndine apongozi ake."

"Ndiye kuti amakudani?"

"Umenewo ndi ulemu, bambo inu."

"Basitu. Makolo athu anatisiyira kale njira yolemekezera munthu uli patali. Amayiwa tiwapatse ulemu wa apongozi. Akhale pakhonde pomwe pakupita mphepo, aliyense awaone, awapepese, awaimbire, koma patali. Tisawathawe, komanso tisawapumire."

Kubwalo kunamveka manong'onong'o, ena akugwedeza mitu movomera. Koma mwini nkhani anali asanalankhule. Mayi Eveles anafika kumbuyo kwa mwana wawo atagwira khoma.

"A Tahir, mwalankhula bwino. Koma kukada ndikhala ndi ndani? Nyumba ino ikhala zii, ine n'kumayang'ana mpando wa amuna anga?"

"Mukhala ndi Triza, poti mumakhala naye kale nyumba imodzi. Anzanu aimba panja dzuwa likadalipo, kenaka akagone kwawo. Sindikunamizani kuti zikhala zopepuka, amayi. Zipweteka."

Mayi Eveles anapukusa mutu. Apo Triza anatembenuka n'kugwada pamapazi pawo.

"Amayi, bambo ndawataya lero. Chonde musandichititse maliro awiri."

Mayi aja anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Anali mwana mmodzi yekhayo amene anawatsalira. Kenaka anamugwira pamutu.

"Bweza mipando ija m'nyumba. Mphasa yanga uyale pakhonde."

Ntchito inayamba pomwepo. A Mose, msodzi woyandikana nawo nyumba, anabweretsa chingwe cha khoka lakale n'kuchiyala pansi kutsogolo kwa khonde, kuti aliyense adziwe polekezera. Mphasa anaziyala motalikirana pabwalo. Ndowa ya mpopi ndi sopo anaziika polowera. Amene analibe masiki anapatsidwa zansalu zimene amayi a Chigwirizano ankasoka. Miphika ikuluikulu sinaterekedwe. Ufa ndi nkhuni anthu anangosiya patsinde pa mtengo wa mango kuti zithandize banjalo masiku akudzawo. Abusa anatumiza uthenga kumipingo yapafupi kuti atumize anthu owerengeka owaimira.

Ndipo mlonda wa chingwe chija anakhala ndani? Azakhali Elsie omwewo. Iwo akagwira chinthu sagwira ndi dzanja limodzi. Masiki inakwera kufika pamphuno, ndipo aliyense wofuna kudumpha chingwe ankakumana ndi diso lawo.

Si onse anamvetsa. Mayi wina amene anayenda mtunda wautali anabwerera atakwiya, akunena kuti ana a aphunzitsi ndi odzimva. Triza anamva ndi makutu ake, ndipo mawuwo anamulasa mumtima. 

Anali maliro owawa. Bokosi linabwera m'mawa mwake ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo silinalowe m'nyumba imene aphunzitsi anamanga ndi manja awo. Mayi Eveles sanaone nkhope ya mwamuna amene anakhala naye kuyambira ali mtsikana. Kumanda anaima pambali pamthunzi, Triza atawagwira mkono. Atabwerera anakhala pakhonde paja, ndipo amayi ankabwera mmodzimmodzi, kugwada kuseri kwa chingwe, kuwomba m'manja mwakachetechete.

"Pepani, mayi. Mulungu akutonthozeni."

Ena ankalephera kumaliza mawu. Manja ankafuna kutambasuka okha, eni ake n'kuwabweza pachifuwa. Azakhali Elsie anagwada omaliza. Analira mlongo wawo momutchula dzina la paubwana, mlamu wawo akulira nawo kutsidya la chingwe, osakhudzana. Amene anaona zimenezi sadzaiwala.

Maliro atatha, moyo sunadikire. Pakhomo pankafunika chakudya, ndipo usipa sudziyanika wokha. Triza anabwerera kudoko, kumene anthu amapanikizana bwato likangofika. A Tahir sanamuuze kuti asiye geni yake. Anamulangiza kuti azivala masiki, aziima pambali podikira nsomba, ndipo akafika kunyumba azisamba ndi kusintha zovala asanayandikire mayi ake. Triza anawakonzera mayiwo chipinda chawochawo chotsegula windo. Mankhwala a shuga ankakawatengera yekha kuchipatala kuti iwo asakaime pamzere. Masana anzawo a Chigwirizano ankabwera awiriawiri, kukhala pansi pa mango n'kumacheza nawo mokweza mawu, kuti asasungulumwe.

Sabata isanathe, foni inalira kuchokera ku Chitala. Anali mwana wa azakhali Elsie. Mayi ake atangobwerako kumaliro anayamba kumva kuzizira ndi kuphwanya m'thupi, chakudya osachimva kukoma. Atawayeza anawapeza ndi korona. Azaumoyo ananena kuti n'kutheka kuti tsiku la maliro lija anali nako kale kachilomboko.

Triza anakhala pansi pomwe anaimapo. Anakumbukira manja aja atatambasulidwa pakhomo. A Tahir anabwera kudzawayezanso Triza ndi mayi ake, n'kuuza ena amene anali pamaliro kuti akamva chachilendo m'thupi athamangire kuchipatala. Masiku odikira zotsatira anali aatali. Mayi Eveles akangotsokomola pang'ono, Triza ankathamangira kukawaona.

Zotsatira zinabwera: onse awiri analibe. Azakhali Elsie anadwala kwambiri, mpaka kugonekedwa, koma Mulungu anawachitira chifundo. Atayamba kupeza bwino anaimba foni, mawu ali ofooka, kupuma kukumveka.

"Alamu, muli bwanji?"

"Ndili bwino, alamu. Ife nkhawa ili pa inu."

"Ine tsiku lija ndinabwera ndi chitenje chofunda. Ndinati ndigona mphasa imodzi ndi inu mpaka maliro atathe." Anaima kaye kuti apume. "Ndikanakuphani ine, alamu. Ndi manja angawa, ndikulira."

Mayi Eveles misozi inatsika. "Simunadziwe. Nanenso ndinkakuitanani kuti mulowe."

"Mwana uja ndinamukalipira pagulu. Mupatseni foni."

Triza analandira foni.

"Mwana wa mlongo wanga, unaima bwino pakhomo paja. Bambo ako akanakhalapo akanakunyadira."

 Triza analira kulira kumene anakubisa masiku onse aja, mayi ake atamugwira paphewa.

Katemera atafikanso kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, a Tahir anadzawauza, ndipo mayi Eveles anali m'gulu la oyamba kubayitsa. Anatenganso anzawo achikulire a Chigwirizano amene ankachita mantha. Chisoni cha amuna awo sichinathe, ndipo mwina sichidzatha. Koma ali moyo, akulera zidzukulu za abale, ndipo Triza akabwera kudoko amapeza munthu womufunsa kuti, "Wayenda bwanji, mwananga?"

Phunziro lake ndi ili. Mliri ukabwera, sititaya miyambo yathu kapena kusiya ntchito zotidyetsa, koma timasintha kachitidwe kake kuti titeteze ofooka pakati pathu: okalamba, odwala shuga, bipi, mphumu ndi matenda ena okhalitsa. Munthu wooneka wathanzi akhoza kupatsira mnzake matenda osadziwa. Tizimvera malangizo a azaumoyo, tizisonkhana panja ndi motalikirana, tizivala masiki moyenera, tizisamba m'manja ndi sopo, ndipo katemera akapezeka tikabayitse. Kukhala patali ndi munthu wofooka nthawi ya mliri si kumutaya. Timulire naye, timuchezere, timuthandize, koma tisamuonjezere maliro.