Botolo la Pawindo

Amene anamuphunzitsa kupanga mafuta odzola ndine. Mng'ono wanga ameneyu, mwana wa dzulodzuloli, sankadziwa n'komwe kuti madzi ndi mafuta sagwirana pokhapokha utawatakasa ndi phula lake zidakali zotentha. Lero ati ali ndi mtundu wakewake. Koma abale!

Pa saluni ya pakona pali shelefu imodzi yokha, ndipo mwini saluniyo ananeneratu kuti sangasunge mafuta a anthu awiri. Anga akhala pamenepo kuyambira kale, olimba bwino, oti ngakhale utembenuze chitini sagwa. Ake ndi a m'botolo la kapampu. Kuti azituluka mosavuta ndi kuuma msanga pakhungu, anathiramo sipiriti. Ndinamuona ndi maso angawa, patebulo la m'khitchini mwanga, akukhuthula ngati akuthirira maluwa.

"Achemwali, sindinachulutse?" anandifunsa.

"Iwe si katswiri? Thira," ndinatero.

Ndinkadziwa kuti sipiriti akachuluka amamasula zonse zimene zagwirana. Ndinatenga botolo lake limodzi n'kuliika pawindo pomwe dzuwa limawomba, ndipo m'mawa uliwonse ndinkalisuzumira ndisanasambe n'kumaso komwe. Nsanje inkandidya, sindibisa ayi, makamaka ndikamva atsikana a ku saluni akumutchula kuti "adokotala".

Tsiku lina zinatheka. Mafuta analekana, zoyera pamwamba, timadzi totuwa pansi. Ha! Ndinathamangira ku saluni mpango uli m'manja.

"Mayi, taonani zomwe mukufuna kudzoza anthu. Zafa izi!"

Mwini saluni anali akuluka mayi wina tsitsi. Analandira botololo, n'kulikhutchumula pang'ono, n'kudzidontheza pamkono.

"Timangokhutchumula, mayi. Onse amene ndagulitsa amatero."

"Koma akalekana ndiye kuti awonongeka!"

"Awonongeke bwanji?" analowerera mayi wolukidwa uja, mutu uli chowerama. "Awa samata. Aja a m'chitini ukadzola, fumbi lonse la mumsewu umafika nalo kunyumba." Sankadziwa kuti mwini wake wa zitinizo waima pambali pake.

Mwini saluni anapukuta manja, n'kuwerama pansi pa sinki, n'kukoka katoni yomanga kale ndi chingwe. Zitini zanga zinali m'menemo.

"Ndimati nditume mng'ono wanu akubweretsereni madzulo," anatero. "Koma poti mwabwera nokha, nyamulani."