Fintan Wandilanda Mdzukulu

Munthu anamwalira kalekale, agogo anga asanamere ndi mano omwe, koma wandilanda mdzukulu ine ndili maso. Dzina lake Fintan Deasy. Sindinamuonepo, sanandipondepo chala, koma ndikangomva dzina lakelo pakhosi pamandiwawa. Ndi nsanje, ee, ndibisirenji?

Ine ndine Aloysius, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Midland. Mayi a kunyumba, Annastazia, ndi namwino pachipatala cha ku Murdoch. Tinabwera kuno ku Perth, ku Australia, mwana wathu Rejoice ali kamtsikana, ndipo atakula anakwatiwa ndi Lenard, mzungu wa ku Fremantle. Mkamwini ndilibe naye mlandu, ndi mnyamata waulemu, mpaka anaphunzira kupereka moni ndi manja awiri. Vuto ndi mayi ake, asewere anga a Nora, ndi msilikali wawo Fintan uja.

Mukalowa m'nyumba mwa a Nora, musanakhale n'komwe, akulozerani chithunzi pakhoma. Bambo wandevu ngati tsache, maso ofiira ngati wagona ndi njala, pansi pake mendulo ndi mabatani a yunifolomu, zonse m'galasi. Ameneyo ndiye Fintan, gogo wa agogo awo. Nkhani yake ndaimva mpaka ndikhoza kuiimba. Akuti anakulira ku Ireland nthawi imene mbatatesi inaola m'minda anthu n'kumafera m'misewu. Analowa usilikali wa Angerezi akadali mnyamata, osati chifukwa chowakonda, koma chifukwa kumeneko kunali buledi. Anakamenya nkhondo ku India, chipolopolo n'kumudula zala ziwiri. Atamupumitsa anamuuza kuti akalondera akaidi m'sitima yapamadzi yopita ku Fremantle, adzam'patsa kamunda ndi kanyumba. Anakwera ndi mkazi wake. Kamundako anakapeza kuti ndi mchenga wokhawokha, koma anatuta ndowe za akavalo pa wilibala mpaka kabichi anamera. Ankamwa, ankaimba nyimbo za kwawo akaledzera, ndipo ku Ireland sanapondekonso mpaka imfa.

A Nora akafika pa zala ziwirizo amapukuta maso. Ine ndimangoti, "Pepani, asewere," koma mumtima ndikuti, kodi msilikali ndi wanu yekha?

Bambo anga, a Lekani, anali msilikali wa Keyala, gulu lankhondo la Angerezi lija. Anachoka ku Ntcheu wapansi mpaka ku Zomba, anawakweza sitima mpaka ku Burma, n'kukamenyera Angerezi omwewo m'nkhalango za misundu. Anabwerako ndi chijasi chachikulu ndi chifuwa chosatha. Chijasicho chinadyedwa ndi chiswe, chifuwacho chinawatenga. Chithunzi palibe, mendulo sindinaionepo, pamanda pawo pali mulu wa dothi basi. Ndiye ndikakhala pa sofa ya a Nora, tiyi ali m'manja, n'kumamuyang'ana wandevu uja akunyezimira m'galasi, zimandipweteka. Anthu awiri anagwira ntchito imodzi, wina ali pakhoma, wina wasanduka chulu.

Mwana woyamba wa Rejoice atabadwa, a kuchimuna anamutcha Lilly. Sindinadandaule ngakhale pang'ono. Kwathu zimatero: woyamba amatchedwa dzina ndi akuchimuna, wachiwiri ndi akuchikazi. Ndinawombera m'manja, ndikudziwa kuti nthawi yanga ikubwera. Ndiye Rejoice atakhalanso woyembekezera, n'kumveka kuti makina aonetsa mwana wamwamuna, ndinati basi, a Lekani auka. Ndinayamba kuyenda ngati tambala.

Tsiku lina Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, Rejoice anabwera kwathu. Iye Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m'Chingerezi, ngati ana onse okulira kuno. Ali pampando, dzanja pamimba, anandifunsa kuti, "Adadi, tikuganiza za mayina. Muli nalo lomwe mungakonde?"

Ndinachita kudzidzimuka. "Iwe! Mwana amatchulidwa dzina ali m'mimba? Ukufuna kutiitanira tsoka? Zimenezo usadzandifunsenso. Abadwe kaye, mchombo ugwe, mutuluke m'chikuta, kenako tidzakhala pansi."

Anangoti, "Chabwino, adadi," n'kutsegula foni yake.

Atapita, Annastazia anandiyang'ana m'mbali. "Bambo a Rejoice, kuno si ku Ntcheu. Anthu awa dzina amasankha mimba isanaoneke. Mukanangomuuza."

"Ndimuuze chiyani? Sakudziwa kuti uyu ndi wathu? Mwana ndinabereka ndekha ameneyu."

"Munabereka, koma munamuuzapo?"

Ndinawauza kuti asandiphunzitse mwambo, ine ndinabadwira momwemo. Anangotola mbale n'kupita kukhitchini akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, monga amachitira akaona kuti ndauma mutu.

Ndinakagula kabulangete kofewa kabuluu, chifukwa wotcha dzina sapita chimanjamanja. Ndinakabisa pamwamba pa wadirobu. M'sitima popita ku Midland ndinkayeserera mawu oti ndidzanene tsikulo, mmene ndidzamunyamulire mwanayo, mmene a Nora adzandifunsire kuti Lekani anali ndani. Ndinati tsiku limenelo adzamva za Burma mpaka tiyi wawo adzazizira.

Mwana anabadwa Lachinayi masana, ine ndili ku ntchito. Nditaweruka ndinathamangira kuchipatala. Pakhonde ndinakumana ndi Lilly akudumphadumpha. Anandigwira dzanja akukuwa m'Chingerezi kuti, "Agogo, bwerani mudzamuone Fintan!"

Ndinaseka. Ndinati a Nora awa abale, afika ponyamula chithunzi chija mpaka kuchipatala? Ndinalowa ndikuyang'ana pakhoma. Panalibe chithunzi. Panali Rejoice pabedi, Lenard akumwetulira ngati wapambana mpira, Annastazia ali pambali, ndi a Nora atanyamula kamwana kofiira, misozi ili chuchuchu.

"Aloysius," anatero a Nora, "Fintan wabweranso."

Ndinayang'ana Annastazia, iye anayang'ana pansi. A Nora anandipatsa mwanayo, ndinamulandira, ndipo kamphuno kake kanali ka bambo anga kenikeni, kotambalala, kopanda Ireland aliyense. Ndinati "Zikomo" kamodzi kokha, n'kumubweza. Kabulangete kanatsala pamwamba pa wadirobu.

Rejoice atatuluka m'chipatala ndinapita kwawo Lenard kulibe. Sindinalonjere bwino n'komwe.

"Wandichita chipongwe, mwana iwe. Woyamba anatcha iwo. Uyu anali wanga."

"Wanu bwanji, adadi? Ndinakufunsani. Munandikalipira."

"Ndinati udikire mchombo ugwe!"

"Munati ndisadzakufunseninso. Ine ndinamva kuti simukufuna. Zoti wachiwiri ndi wanu ndikuzimva lero. Ndikanalota?"

"Ndinkafuna kumutcha Lekani."

Anandiyang'ana, kenako anafunsa funso limene mpaka lero limandilasa. "Lekani ndi ndani?"

"Agogo ako! Bambo anga! Msilikali wa ku Burma!"

"Adadi, inu mumangoti 'malemu bambo, malemu bambo.' Dzina lawo simunalitchulepo m'nyumba mwathu. Za Fintan ndikudziwa ngakhale zala zimene zinaduka. Za agogo anga ndikudziwa kuti anamwalira, basi."

Ndinafuna kumukalipira kuti mwana wolongosoka satchula bambo ake dzina ngati mnzake wosewera naye mpira, kuti ine ndinkawapatsa ulemu. Koma ndisanatero, Rejoice anati akhoza kulankhula ndi Lenard awonjezere Lekani ngati dzina lapakati. Ndinakana. Bambo anga akhale pakati ngati katundu wokwera matola, dzina longolembedwa pa pasipoti? Ndinatuluka chitseko n'kuchimenyetsa, mwana n'kudzuka kuyamba kulira.

Pa tsiku la ubatizo ndinapita chifukwa Annastazia ananena kuti ndikatsala adzanditengera kwa abambo mfumu. Misa itatha a Nora anati tonse tipite kumanda ku Fremantle, mwana akaone mwini dzina. Taonani, manda a munthu wakalekale, koma mwala uli chilili, udzu wotchetcha, maluwa atsopano. Ndinaima kumbuyo manja m'thumba, nsanje ikundidya ngati chiswe chija chinadya chijasi.

A Nora anabwera kudzaima pafupi nane. Anali atamva zonse kwa Lenard. Anati, "Aloysius, sindinadziwe za mwambo wanu. Pepani."

Kupepesa kwawo kunandikwiyitsa kuposa kale, chifukwa munthu wokhuta savutika kupepesa. Ndiye ndinati ndiwagwetse ndi funso. "Asewere, inu mumadziwa zonse za Fintan. Nanga bambo ake anali ndani?"

Anapukusa mutu. "Palibe akudziwa. Mwana wanga wafufuza mpaka ku Ireland, sanapeze kanthu. Akuti Fintan sankakamba za kwawo. Chilankhulo chake ankangoimbira akaledzera, ana ake sanachiphunzire. Ife timayambira pa iyeyo, amene anawoloka nyanja." Kenako anandigwira mkono akumwetulira. "Inunso mudzakhala choncho. Zidzukulu za Fintan wamng'onoyu zidzapachika chithunzi chanu, n'kumati uyu ndi Aloysius, amene anachokera ku Malawi."

Iwo ankaganiza kuti akunditonthoza. Ndiye kuti mzera udzayambira pa ine, kumbuyo kwanga kopanda munthu? Ndinayang'ana mwala uja, ndipo kwa kanthawi ndinamumvera chisoni wandevu uja, akukankha wilibala ya ndowe mumchenga, dzina la bambo ake ali nalo yekha m'kamwa. Koma chisonicho sichinakhalitse. Iye dzina lake lapeza mwana, la bambo anga silinapeze.

Madzulo ake ndinatsitsa kabulangete kaja n'kukapereka. Ndinamunyamula mwanayo, n'kumuuza m'khutu kuti, "Iwe ndiwe Lekani. Ena anene zawo." Kuyambira pamenepo ndimamuitana choncho, ndipo Rejoice sandiletsa. Lilly ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera za Burma, za misundu, za chijasi. Anamvetsera bwino ndithu, kenako anafunsa ngati ndili ndi chithunzi. Nditati ndilibe, anati, "Oh," n'kuthamangira panja.

Mwanayo tsopano akukwawa. Lamlungu lapitali tinali tonse kwa a Nora, iye ali pamkeka pakati pa balaza, pansi pa chithunzi chija. Ndinagwada, maondo akulira, n'kutambasula manja.

"Lekani! Bwera kuno, bambo anga. Lekani!"

Anapitiriza kuluma chidole chake. Ndinaitananso, mokweza, mpaka Annastazia anandigwira phewa. A Nora anatulukira kukhitchini atanyamula thireyi ya makapu, ndipo sanakweze n'komwe mawu.

"Fintan."

Mwana anaponya chidole, anatembenuka ndi kamphuno ka bambo anga kaja, n'kukwawira kwa iwo akuseka. Ine ndinatsala chogwada, manja ali m'malere.